Anamapopa, chilombo chokonda m'malire

M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017, anthu osachepera 9 anaphedwa kum'mwera kwa Malawi powaganizira kuti ndi anamapopa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Amalawi ankati opopa magaziwo achokera ku Mozambique, ndipo mwezi wa Okutobala womwewo ku Gilé, m'chigawo cha Zambézia, kunabuka zipolowe pa nkhani ya chupa-sangue, dzina la anamapopa m'Chipwitikizi. Ife a ku Angónia, amene timagulitsa mbatatesi ku Lizulu ndi kuoloka pa Calómuè kukalira maliro a abale ku Dedza, mawu akuti "zachokera kutsidya" amatigunda mtima, pakuti kutsidyako ndi kwathu.

Nakonso ku Ulaya chilombochi chinatchuka ndi anthu a m'malire. Mu 1718 ufumu wa Austria unalanda kumpoto kwa Serbia m'manja mwa ufumu wa Ottoman. Mu 1725, m'mudzi wa Kisiljevo, anthu anayamba kufa motsatizana atangoikidwa m'manda Petar Blagojević. Amudzi anafukula mtembo wake, naukhoma chikhomo pamtima, nautentha, mkulu wa boma latsopanolo akuonerera. Mu 1732 dokotala wa asilikali analemba lipoti la zofanana nazo m'mudzi wa Medveđa, ndipo linawerengedwa ku Ulaya konse. Zofukula mitembo zitanyanya, Mfumukazi Maria Theresa anaziletsa mu 1755. Wakufa woyamwa magaziyo anali mlimi wamba, wosautsa abale ndi anansi ake. Akuluakulu a kwathu akanamva, akanangoti ndi mfiti basi.

Alembi a mabuku ndiwo anamuveka suti. Mu 1819 John Polidori anatulutsa The Vampyre, momwe woyamwa magazi ndi bwana wolemekezeka, Lord Ruthven, wonyengerera atsikana. Mu 1897 Bram Stoker wa ku Ireland analemba Dracula, nkhani ya mfumu yolemera ya ku Transylvania yomwe ikugula nyumba ku London, ikulemba ntchito maloya, ikubwera pa sitima ndi mabokosi 50 a dothi la kwawo. Angerezi a nthawi imeneyo anali atalowa m'maiko a eni, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo bukulo linawaonetsa mlendo akuwachita zomwe iwo ankachita kwina.

Pa nkhani ya akazi m'pamene mabukuwa amaulula zambiri za mitima ya owalemba. Mu Carmilla, buku la Sheridan Le Fanu la 1872, woyamwa magazi ndi mtsikana amene akukondana ndi mtsikana mnzake, Laura, ndipo amuna akusonkhana kukamupha m'manda mwake. Mu Dracula muli akazi awiri. Lucy, wofunsiridwa ndi amuna atatu tsiku limodzi, akudwala, amuna anayi akumupatsa magazi awo, komabe akufa, akusanduka chilombo chogwira ana, ndipo womukhoma chikhomo ndi bwenzi lake lomwe. Mina ndi wa mutu: amataipa, amasonkhanitsa makalata ndi zolemba zonse zomwe zikuthandiza kulondola mdaniyo. Koma amunawo akumuuza kuti atsale kunyumba, ati pomuteteza, ndipo potsala yekhapo m'pamene Dracula akumufikira. Ine ndimaona kuti apa Stoker analemba zoona kuposa momwe ankafunira. Mantha a m'bukuli ndi a amuna oopa mkazi amene wadziwa zimene akufuna. Mafilimu anatengera pomwepo, kuyambira Nosferatu wa 1922 ndi Bela Lugosi mu 1931, mpaka Twilight wa 2008, wochokera m'buku la Stephenie Meyer la 2005, momwe chilombocho chasanduka mnyamata wosiririka.

Namapopa wathu si mwana wa Dracula. Luise White, m'buku lake la 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, anasonkhanitsa nkhani za nthawi ya atsamunda: wazimamoto ku Kenya, Tanganyika ndi Uganda, amene anthu ankati ndi ozimitsa moto oyenda pa galimoto zofiira, ndi banyama ku Northern Rhodesia, komwe ngakhale ansembe a White Fathers anaganiziridwa. Opopawa sankauka m'manda. Anali anthu amoyo, olembedwa ntchito, ogwira anzawo kuti azungu apange mankhwala ndi magazi awo. Ogwidwawo kawirikawiri anali amuna a pa ulendo wofuna ntchito.

Izi zikusiyana ndi ufiti womwe Achewa ankaudziwa kalekale. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a bere limodzi. Mfiti ndi wapamudzi, imadya nyama ya munthu kumanda, ndipo chidani chake chimadziwika gwero lake: munda, chuma cha malume, ufumu. Namapopa sakudziwa ndi dzina lako lomwe. Ali ndi galimoto, jakisoni ndi paipi, ndipo magaziwo sakumwa, akukagulitsa.

Ndiye n'chifukwa chake mphekeserazi zimaloza boma. Pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, mu Blantyre, pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ankanong'onezana kuti magazi akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Ku Zambézia, chupa-sangue anamveka m'zaka zoyamba za ufulu, anthu akugona panja ndi kuimba zitini usiku wonse. Kumapeto kwa 2002, Malawi ali pa njala, kunamveka kuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula mu Blantyre, anagendedwa.

Wa ku Angónia sangadabwe kuti nkhani zoterezi zimakhulupirika. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linadula pakati dziko la Angoni a Maseko. Pansi pa Apwitikizi, amuna ankagwidwa kupita ku chibalo, ena nathawira m'mafamu a ku Rhodesia, nabwerako atatha mphamvu. Nkhondo yapachiweniweni itafika m'mapiri muno, kutengedwa usiku sikunali nthano: pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri a Chijezwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anatengedwa ku Chapotera naphedwa, ndipo midzi yathunthu inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992. Anthu oona zotere akamva kuti kuli alendo otenga mphamvu za amphawi kupita nazo kutali, safuna umboni wambiri. Sindiwaseka.

Koma taonani amene amafa. Mu 2017 ambiri onena kuti apopedwa anali amayi, odzuka ali ofooka, chizungulire chili tho. Madokotala a ku Malawi anati sanapeze chizindikiro chilichonse cha kupopedwa. Ophedwawo sanali mabwana a galimoto zazikulu: ambiri anali apaulendo, anthu osadziwika pamudzi, ndipo mmodzi ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Makolo ankati mlendo ndi mame, umusamale poti sakhalitsa, koma pa mazenga a m'misewu achinyamata a zibonga ankasecha zikwama, ndipo wolankhula Chichewa cha kutsidya anali pa ngozi. Mu 2020 mphekeserazo zinabukanso, ulendo uno kumpoto ndi pakati pa Malawi, ndipo anthu enanso anaphedwa.

Amayi aja, kufooka kwawo kunali kwenikweni. Malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi ndi kuperewera kwa ndiwo zimatsitsadi magazi m'thupi, ndipo kutaya magazi pobereka ndi chimodzi mwa zomwe zimapha amayi ambiri mbali zonse ziwiri za malire. Mphekesera zikabuka, ambulansi zimagendedwa, azaumoyo amaopa kulowa m'midzi, ndipo wofuna kupereka magazi amabwerera m'mbuyo. Mayi wotuluka magazi ku chipatala cha Ulónguè amadalira botolo limene wina analola kupereka, ndipo nthawi zambiri anamwino amayamba afunsa achibale amene abwera naye.