Fumbi la ku Isle of Man Linasanduka Chuma Chapakhoma

Nkhaniyi inayamba ndi lamulo. Mu 1903, boma la Britain linalamula kuti galimoto isapitirire liwiro la mamailosi 20 pa ola, ndipo mipikisano ya pamsewu inali yoletsedwa. Koma chilumba cha Isle of Man chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yotchedwa Tynwald, ndipo mu 1904 inavomera kuti misewu izitsekedwa pa tsiku la mpikisano. Okonda liwiro anapezerapo mpata.

Pa 28 May 1907 unachitika mpikisano woyamba wa njinga zamoto wotchedwa TT. Charlie Collier anapambana pa njinga ya Matchless, pa liwiro la mamailosi 38 pa ola, pomwe Rem Fowler anatsogola m'gulu la njinga za masilinda awiri atakwera Norton. Misewu inali yafumbi, ndipo njinga zina zinali ndi zopalasira zothandizira pachitunda. Mu 1911 mpikisanowu unasamukira ku njira ya kuphiri la Snaefell, komwe njinga za Indian zochokera ku America zinalanda malo atatu oyambirira.

M'mbali mwa msewu munkaima ojambula. Ambiri ankagwiritsa ntchito makamera olemera omwe chithunzi chinkagwera pa galasi lopakidwa mankhwala. Galasi limodzi, chithunzi chimodzi. Ukaphonya, njinga yapita. N'chifukwa chake ankakonda kudikirira pokhota, pamene wokwera amachepetsa liwiro, kapena kumuimika pambali pa njinga yake mpikisano usanayambe. Makamera ena ankatsegukira kuwala pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita ina, moti gudumu lothamanga linkaoneka lopendekeka ngati dzira. Kalelo chimenechi chinali chilema, koma lero anthu amati ndiye liwiro lenilenilo.

Ojambulawo sankadzitcha aluso. Ankajambulira manyuzipepala, mapositikhadi ndi makampani ofuna kutsatsa malonda. Mitengo ya zithunzi zakale inayamba kukwera pamene zinayamba kugulitsidwa ngati ntchito zaluso, makamaka kuyambira m'ma 1970. Apa m'pamene magalasi omwe anapulumuka kusweka ndi chinyezi anatulutsidwa m'mabokosi. Poti ndi aakulu, amasunga tinthu ting'onoting'ono: akachitsuka chithunzi pa pepala lalikulu, umaona matope pa nsapato, lamba wa injini, ngakhale chubu chapadera chimene wokwera wachikoleka paphewa.

Osonkhanitsa zithunzi amasiyanitsa mitundu yake. Chodula kwambiri ndi chimene chinatsukidwa nthawi yomweyo, nthawi zina chokhala ndi chidindo cha wojambula kumbuyo. Chotsatira ndi chotsukidwa pambuyo pake kuchokera ku galasi lenilenilo. Palinso zosindikiza zamakono, zomwe amatulutsa zowerengeka n'kulemba nambala pa chilichonse. Choncho wogula wodziwa sathamangira kuyamikira njinga. Amayamba watembenuza chithunzicho, n'kuwerenga zakumbuyo.