Kachitsotso ka m'grafite komwe kanasokoneza Germany

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, mwamva kuti ku Nipepe, konkuno ku Niassa, akukumba grafite, mwala wakuda wofewa uja uli m'kati mwa pensulo. Ine ndikamva dzinali ndimaganiza za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Nthawi imeneyo Germany ndi America ankalimbirana kuyatsa moto wa nyukiliya. Kuti yureniyamu ayake, pamafunika chinthu chochepetsa liwiro la tizidutswa totchedwa manyutironi popanda kutimeza. Zodalirika zinali ziwiri: grafite, kapena madzi olemera, omwe ankapangidwa movutikira ku Vemork, ku Norway. Grafite wake sanali wokumba ngati wathuyu, anali wa m'fakitale.

Mu Januwale 1941, ku Heidelberg, Walther Bothe anayesa grafite wa kampani ya Siemens napeza kuti akumeza manyutironi ambiri. Koma wakuba sanali grafiteyo. Munali boroni, boro pa Chipwitikizi, amene amameza manyutironi kuposa kaboni maulendo opitirira 100,000. Magalamu ochepa chabe m'tani yathunthu amazimitsa motowo. Wilhelm Hanle anaunena vutoli chaka chomwecho, koma akuluakulu a asilikali anaona kuti kuyeretsa grafite n'kodula, nakakamira madzi a ku Norway. Mpaka 1945 moto wawo sunayake.

Ku America, Leo Szilard anavutitsa eni mafakitale mpaka anapanga grafite woyera. Pa 2 Disembala 1942, Enrico Fermi anayatsa motowo ku Chicago, m'mulu wa njerwa za grafite zolemera matani oposa 300.

Chondisangalatsa kwambiri ine ndi kayezedwe kake, chifukwa boroni ndi wothawathawa. Kuti mumuone muyenera kuotcha grafite mpaka patsale phulusa lokha, koma iye amatha kuuluka ndi utsi, phulusalo n'kukunamizani kuti zonse zili bwino. Choncho akatswiri amayamba asakaniza ufa wa grafite ndi laimu, amene amamugwira kuti asachoke. Kenako amasungunula phulusalo mu asidi, n'kuthiramo mankhwala achikasu ochokera ku açafrão, zokometsera ndiwo zija amayi amagula pamsika wa Mandimba. Boroni akakhalamo, chikasu chija chimasanduka chofiira, ndipo kufiira kwake amakuyerekeza ndi kwa timabotolo tina tomwe muyeso wa boroni wake ukudziwika kale.