Mbiri ya Ufumu wa M'tauni ku Malawi

Mfumu ya m'tauni imayang'anira dera la mumzinda, monga Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Chinsapo, momwe nyakwawa imayang'anira mudzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti anthu ake si apachibale. Ndi Alhomwe, Ayao, Achewa, Atumbuka ndi ena amene anakumana kofuna ntchito, ndipo ambiri amakhala m'nyumba za lendi.

Ufumu wina m'mizindamu ndi wakale kuposa mzinda weniweniwo. Amishoni a ku Scotland atafika ku Blantyre mu 1876 anakhazikika m'dera la mfumu Kapeni, ndipo tauni itayamba kukula inameza midzi yoyandikana nayo pamodzi ndi mafumu ake. Zinateronso ku Lilongwe, bungwe la Capital City Development Corporation litayamba kumanga likulu mu 1968: midzi ina inasamutsidwa, ina inangozunguliridwa ndi nyumba za anthu obwera.

Boma silinafune ufumu m'tauni. Lamulo la mafumu la 1967 linati mfumu isalamulire mumzinda popanda chilolezo cha khonsolo. M'nthawi ya chipani chimodzi, ntchito zambiri za mfumu zinali m'manja mwa matcheyamani a nthambi za Malawi Congress Party, amene ankaweruza timilandu ta m'makomo uku akugulitsa makhadi a chipani. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mphamvu za matcheyamaniwa zinatha, ndipo m'madera ambiri anthu anasankha okha munthu wachikulire, wokhalitsa pamalopo, kuti aziwatsogolera. Ena amamutcha mfumu, ena buloko lida.

Chimene chinapangitsa kuti ufumuwu usafe ndi maliro. Khonsolo itha kulambula msewu, koma siingakumbe manda a mwana wa munthu wochita lendi amene kwawo ndi ku Chitipa. Zovuta zikagwa, uthenga umayamba wafika kwa mfumu. Iyo ndi imene imalengeza, kuuza anyamata kuti aike masamba pamsewu, ndi kutuma amayi kuti ayende khomo ndi khomo ndi beseni kusonkhetsa ufa ndi ndalama za ndiwo. Dzina la aliyense wopereka limalembedwa m'kope. Kopeli ndi loopsa kuposa momwe limaonekera, pakuti munthu wozemba maliro a anzake amadziwikira momwemo. Tsiku limene zamugwera iyeyo, adzukulu amachita mphwayi kukakumba manda, ndipo amayamba wapereka chindapusa kwa mfumu asanathandizidwe. Ngakhale bwana wokhala kumpanda amatumako chipepeso, kuopa kudzagona yekha pa siwa.

Kuchokera pamaliro, ntchito inakula. Mfumu inayamba kuweruza mikangano ya malire a mapuloti, ya alandilodi ndi owachitira lendi, ya madzi oipa olowa pakhomo la mnzako. Inkachitira umboni pogulitsana malo, ndipo ziphaso za unzika zisanabwere mu 2017, kalata yake yodinda chidindo inali umboni wodalirika wakuti munthu amakhaladi m'deralo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, choncho mabungwe ofuna kumanga makiyosiki a madzi kapena milatho ankafikira kwa mafumu omwewa.

Makhansala atabwerera mu 2014 anapeza mpando uli ndi eni kale. Mkangano wakuti woyenera kuitanitsa msonkhano wa chitukuko ndani sunatheretu, ndipo mafumu ena amadandaulidwa kuti amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri. Lamulo likadali kunena kuti mzinda ndi wa khonsolo, koma m'madera ambiri mwambo wa maliro suyamba amfumu asanayankhule.