Ku Khulubvi, Mboni za Yehova ndi kalata ya 1992: chipembedzo chinatiteteza liti?

Mnzanga wina ku hositelo amakonda kunena kuti anthu akanamapemphera kwambiri, sitikanaopa tsogolo longa la m'buku la George Orwell lija, 1984, momwe boma limamvetsera chilichonse ndipo kholo limaopa mwana wake yemwe. Pachingerezi dziko lotero amalitcha dystopia. Ine ndimamuyankha kuti Malawi sanasowepo mapemphero, komabe makolo athu anakhala m'dziko lofanana nalo kwa zaka pafupifupi 30. Ndine wa kwa Maseya ku Chikwawa, choncho ndiyambira kwathu.

Mu 1862 amishonale a UMCA atachoka ku Magomero anadzamanga kwa Chibisa, m'mbali mwa Shire, kufupi ndi komwe kuli boma la Chikwawa lero. Anapeza chilala, njala ndi nkhondo za ogwira akapolo. Bishopu Mackenzie anali atamwalira kale mu Januwale chaka chomwecho, ena anamwalira kwa Chibisa komweko, ndipo mu 1863 Bishopu Tozer anasamutsa mishoni, n'kukathera nayo ku Zanzibar. Otsala m'chigwa anali Amakololo omwe anabwera ndi Livingstone: Kasisi, Katunga, Maseya ndi anzawo. Chomwe chinawapatsa ufumu ndi mfuti, ndipo dzina la dera lathu linachokera pamenepo.

Chipembedzo chomwe chinaimadi ndi anthu m'chigwa muno ndi chomwe ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuchinyoza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka m'ma 1950, boma la atsamunda linkakakamiza alimi kuunga mitumbira, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Alimi ankati nthaka yotentha ya m'chigwa imauma msanga pamtumbira. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala analemba kuti anthu ankaitcha nthawiyi nkhondo ya mitumbira. Mafumu ena, monga Molin Tengani, anali mbali ya boma. Mawu otsutsa anachokera ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, komwe kunamveka kuti Mbona sakufuna mitumbira. Ukhoza kukhulupirira Mbona kapena ayi, koma ona chinthu chimodzi: wobwebweta sankalandira malipiro kwa DC, pomwe mfumu inkalandira.

Tsopano tifike pa nkhani yomwe sitikonda kuikamba kutchalitchi. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda linaletsa Mboni za Yehova. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani cha MCP, lomwe achinyamata a chipani ankafunsa pakhomo la msika ndi pokwera basi. Agogo anga amati ankalisunga khadilo pamfundo ya nsalu pamodzi ndi ndalama za mchere. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique.

Nthawi yonseyo matchalitchi ankadzaza Lamulungu lililonse. Kamuzu mwini wake ankadzitama kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Achinyamata omwe ankayatsa nyumba za a Mboni ambiri anali obatizidwa. Mipingo ikuluikulu sinatulutse kalata yodzudzula nkhanzazo, ndipo sindikuona chovuta kumvetsa chifukwa chake: a Mboni anali opikisana nawo, ankatcha mipingo ina Babulo, ndiye kunali kosavuta kunena kuti zawo n'zodziputira. Mantha analiponso, sindikukana. Koma boma lomwe linaphunzira kuti likhoza kuzunza gulu limodzi popanda wolankhula, linapitiriza ndi ena: nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza mu 1983, Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti.

Kenako kunabwera 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mmodzi mwa osainira anali Bishopu Felix Mkhori wa dayosizi ya Chikwawa, ndiye kuti mawuwo anamvekanso kwathu kuno. Kalatayo inalankhula za malipiro ochepa a antchito, kusiyana kwa olemera ndi osauka, kutsekera anthu popanda mlandu, ndi mantha omwe ankatseka anthu pakamwa. Boma linati kukhala nayo ndi mlandu. Maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi kwa maola ambiri, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero zogwirizana ndi maepiskopi. Chaka chomwecho mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anakhazikitsa Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Lamulo loletsa a Mboni linachotsedwa chaka chimenecho.

Pano mnzanga uja amati: "Waona? Chipembedzo chinatipulumutsa." Inde, koma patapita zaka 25 chiletsedwereni a Mboni, nkhondo ya mawu ya mayiko akuluakulu itatha, opereka thandizo atayamba kutopa ndi Kamuzu. Ndipo chomwe chinagwira ntchito si kuchuluka kwa mapemphero. Mpingo unali ndi makina akeake osindikizira, ansembe mpaka kumidzi, abale kunja kwa dziko, ndi ndalama zosachokera ku chipani. Matthew Schoffeleers, wansembe yemwe anatumikira m'chigwa chino, analemba buku lonena za Mbona ndi linanso lonena za mkangano wa mpingo ndi boma. Ndimaona ngati ankalondola nkhani imodzi yomweyo.

Chondidetsa nkhawa lero n'chimenechi. Nambala yanga ya foni ndi yolumikizidwa ku chiphaso changa cha unzika, ndipo boma lililonse lamtsogolo lidzadziwa za ine zambiri kuposa zomwe a khadi aja ankadziwa za agogo. Pomwepo, pamwambo wosonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi china chomwe ndinapitako patchuthi, mlendo wolemekezeka anali wandale. Anapereka envelopu, amayi analulutira, ndipo mlaliki anafupikitsa ulaliki kuti bwana alankhule asananyamuke.