Ana a Machona ndi Chitupa cha Unzika

1. Ulendo wa ku Halale

Songani ndi msika wa m'dziko la Mfumu Malemia, pa mseu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, pafupi ndi Domasi. Kumadzulo kwache kuli mapiri, ndipo kum'mawa kuli chigwa chachikulu chotsikira ku nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba ndi mpunga. M'midzi ya kumeneko, monganso m'maboma ena a Malawi, akulu amakumbuka maina a abale amene adapita kunja kukagwira nchito, osabweranso. Anthu otere amatchedwa machona. Mbiri iyi ndi ya ana a machona obadwira ku Zimbabwe, ndi ya mabvuto amene adawaona pofuna kutsimikiza kuti ali ndi ufulu wakukhala m'dziko limenelo.

Angerezi adayamba kulamulira dziko lino m'chaka cha 1891, naika likulu lao ku Zomba. M'zaka zomwezo Boma lidaika msonkho wa mashiling'i 3 pa nyumba iri yonse chaka ndi chaka. Msonkho udafuna ndalama, koma ndalama zidali zosowa m'midzi, ndipo malipiro a pa minda ya Azungu adali ochepa ndithu. Tsono amuna adamva kuti ku Southern Rhodesia, kumene anthu ankati ku Halale, malipiro adali oposa. Ambiri adachokera ku mpoto ndi pakati pa dziko, koma a ku Zomba nawonso adapita.

Oyamba adayenda pansi. Adadzera ku Blantyre ndi ku Mwanza, nalowa m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa Tete, nafika ku Mtoko atayenda masabata angapo. Pambuyo pache Boma la Rhodesia lidayamba kunyamula anthu pa malole osalipira, ndipo ulendo umenewu udatchedwa Ulere. M'chaka cha 1946 kudabwera bungwe lolemba anthu nchito limene anthu adalitcha Mthandizi. Ena adalowa m'migodi, monga wa malasha ku Wankie. Ena adalima fodya m'mafamu a ku Mashonaland. Ena adaphika m'nyumba za Azungu ku Salisbury ndi ku Bulawayo.

M'chaka cha 1935 Boma la Nyasaland lidasankha akulu ena, mtsogoleri wao Travers Lacey, kuti afufuze za anthu opita kunja. Iwo adapeza kuti anthu monga 120,000 adali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri mwa iwo adachona kale.

2. Mwana ngwa yani?

Mnyamata wochona adakwatira komweko, nabala ana. Pamenepo padauka funso limene poyamba lidaoneka laling'ono: kodi ana amenewa kwao nkuti?

Mwa mwambo wa Ayao, Anyanja ndi Alomwe a ku Songani, mwamuna amakakhala ku chikamwini, ndipo ana ndi a mbumba ya mai wao. Wowayang'anira ndiye mtsibweni wao, ndipo munda amaupeza kuchikazi. Koma mwa mwambo wa Ashona mwamuna amapereka chuma cha malowolo, ndipo mwana amatsata atate wache, natenga pfuko lao, limene iwo amati mutupo. Motero mwana wa atate a ku Songani ndi mai Mshona adagwa pakati. Kwao kwa atate mwambo unkati ngwa kwa mai wache. Kwao kwa mai mwambo unkati ngwa kwa atate wache. Anthu ena onyoza ankatcha ana otere Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, kapena anthu opanda mutupo.

Ngakhale zidali tero, masiku amenewo funsoli silidabvute munthu kwambiri. Maiko onse awiri adali pansi pa Mfumu ya ku England, ndipo kuyambira 1953 kufikira 1963 adali m'Chitaganya chimodzi pamodzi ndi Northern Rhodesia. Chimene bwana wa pa famu ankafuna ndi chitupa cha nchito basi. Machona adamanga machalichi ndi mizikiti, nayamba mabungwe othandizana pa maliro, nabvina beni ndi gule wamkulu m'makomboni. Ochepa okha ndiwo adaganiza zolembetsa ana ao ku Boma. Iwo eni analibe kalata za kubadwa, pakuti lamulo la Nyasaland la 1904 lidakakamiza Azungu ndi Amwenye okha kulembetsa ana, osati anthu akuda. Ndiponso maina ambiri adasinthika pa ulendo. Kalaliki wa pa mgodi ankalemba dzina monga adalimvera, ndipo ena adadzitengera maina a Chishona kuti apewe chitonzo.

3. Maiko alekana

Nyasaland adalandira ufulu pa 6 July 1964, natchedwa Malawi. Dziko liri lonse la pa lokha liyenera kudziwa anthu ache, amene amatchedwa nzika. Nzika iri ndi ufulu wakukhala m'dziko osapirikitsidwa, kusankha atsogoleri, ndi kulandira pasipoti.

Lamulo la unzika la Malawi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Lidati mwana wobadwira kunja pambuyo pa 5 July 1966 ali nzika ya Malawi ngati atate wache kapena mai wache ali mbadwa ya m'Malawi. Pamenepa lamulo lidasiyana ndi miyambo yonse iwiri ija, chifukwa lidalola unzika kudzera kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Koma lamulo lomwelo lidaletsa munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Mwana akakwanitsa zaka 21 adayenera kusankha dziko limodzi. Akapanda kukana unzika wa dziko lina, wa Malawi unkamthera. Anthu a m'makomboni a ku Rhodesia ambiri sadamve konse za lamulo limeneli.

Rhodesia adasanduka Zimbabwe pa 18 April 1980. Poyamba dziko latsopanoli lidalola unzika wa maiko awiri, koma lamulo la 1984 lidauletsa. Anthu obadwira komweko adapitirira kudziyesa nzika za Zimbabwe, ndipo ambiri ankaponya nao voti. Ena mwa ana a Amalawi adatchuka m'dzikomo, monga Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo, amene adatsogolera timu ya mpira ya Zimbabwe.

4. Lamulo la 2001

Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 2000 mafamu a Azungu adayamba kulandidwa, ndipo anchito a m'mafamumo, amene ambiri adali ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, adataya nchito ndi nyumba zomwe. Chaka chotsatira, 2001, Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe idasintha lamulo la unzika. Lamulo latsopano lidati munthu ali yense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane monga mwa malamulo a dziko linalo, ndipo lidapereka miyezi 6 yokha, kufikira January 2002. Wosatero adataya unzika wa Zimbabwe.

Mkulu wa kalembera wa dzikolo, Tobaiwa Mudede, adamasulira lamuloli mokhwima. Iye adati likhudza ngakhale munthu amene kholo lache lokha lidabadwira kunja, chinkana mwini wache sadapondepo m'dziko la kholo lachelo. Tsono ana a machona adapezeka mumsampha. Kuti munthu akane unzika wa Malawi adayenera kuyamba watsimikiza kuti ali nao, ndipo ofesi ya kazembe sikadatha kulandira kukana kwa munthu wopanda umboni. Ambiri analibe kalata iri yonse ya atate ao. Ena unzika wa Malawi udawathera kale mwa lamulo lija la 1966. Enanso adali kutali ndi Harare, opanda ndalama za ulendo, ndipo miyezi ija idatha iwo asanamve. Pa zitupa zao padalembedwa liu la Chingerezi lakuti alien, ndilo kuti mlendo, ndipo pa chisankho cha March 2002 ambiri adabwezedwa osaponya voti.

Bvutoli silidagwere osauka okha. Judith Todd, wobadwira ku Rhodesia m'chaka cha 1943, adamanidwa pasipoti chifukwa atate wache, Garfield Todd, amene adakhalapo nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, adabadwira ku New Zealand. Iye adapita ku bwalo la milandu, napambana poyamba, koma bwalo lalikulu koposa lidamgwetsa m'chaka cha 2003. Ngati mwana wa nduna adalephera, nanga mwana wa wolima fodya akadatani?

M'chaka cha 2003 Boma la Zimbabwe lidafewetsa lamulo pang'ono, nkulola ana a anchito a m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba kuti asaine pepala lakukana unzika wina. Koma pepalalo lidafunanso kalata ya kubadwa. Ndipo m'chaka cha 2005 Boma lidagwetsa nyumba zambiri m'mizinda pa nchito yotchedwa Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, idawerengera kuti anthu monga 700,000 adataya nyumba kapena nchito zao. Anthu adauzidwa kuti abwerere kumidzi kwao. Mshona adali ndi mudzi wopitako. Mwana wa mchona analibe.

5. Kholo lomwelo lisanduka mboni

Pa 22 May 2013 dziko la Zimbabwe lidalandira malamulo akulu atsopano oyendetsera dziko. Ndime 43 ya malamulowo idanena za ana a anthu obwera. Idati munthu wobadwira m'Zimbabwe lisanafike tsiku limenelo ali nzika yobadwa, ngati kholo lache limodzi lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ngati iye mwini adali kukhala m'Zimbabwe pa tsikulo. Malawi ali m'bungwe limeneli.

Motero chinthu chomwe chija chidachotsa unzika m'chaka cha 2001 ndicho chidaubweza m'chaka cha 2013. Kale munthu ankabisa kuti atate wache adachokera ku Zomba. Tsopano kudamthandiza kunena poyera ndi kuonetsa umboni wache. Mu November 2017 bwalo lalikulu la ku Harare lidagamulanso kuti anthu obadwira m'dzikomo, okhala ndi zitupa zolembedwa alien, aloledwe kulembetsa maina pa chisankho cha 2018, akaonetsa kalata ya kubadwa ndi umboni wa kumene akhala.

6. Kusowa kwa umboni

Koma lamulo labwino silithandiza munthu amene alibe chogwira m'manja. Ofesi ya kalembera imafuna kudziwa kumene munthu adabadwira, ndi kuti makolo ache adali yani. Imafuna zitupa za makolo, kapena kalata ya imfa yao, kapena mbale woti aime monga mboni. Atate amene adafera pa famu naikidwa popanda kalata sadasiye kanthu. Abale ao oti achitire umboni adali kutali, m'midzi ya ku Malawi, ndipo nthawi zambiri ana sadadziwe ngakhale dzina la mudziwo. Ankangoti kwao kwa atate ndi ku Nyasaland, kapena ku Blantyre.

Bvuto limeneli limayenda ngati cholowa. Mai wopanda chitupa sangathe kulembetsa mwana wache, ndipo mwanayo akakula sangathe kulembetsa wache. Wopanda kalata ya kubadwa amabvutika kulemba mayeso a sukulu, kupeza nchito yolembedwa, ndi kuoloka malire. M'chaka cha 2021 bungwe la Amnesty International lidalengeza kuti anthu monga 300,000 m'Zimbabwe adali pa ngozi yakukhala opanda dziko. Ena mwa iwo adali ana amasiye a nkhondo ya ku Matabeleland, ndipo ena adali adzukulu a anthu a Ulere ndi Mthandizi.

Amene adapulumuka msanga ndi aja makolo ao adasunga mapepala m'sutukesi: chitupa chakale cha nchito, kalata ya ukwati, khadi la ubatizo, kapena kalata yochokera kumudzi yokhala ndi dzina la nyakwawa ndi la boma. Pepala lachikasu ndi long'ambika lidaposa chikumbumtima cha munthu wanzeru.

7. Khomo la ku Malawi

Ku Malawi nakonso zinthu zidasintha. Lamulo la kalembera wa anthu onse lidayamba kugwira nchito m'chaka cha 2015, ndipo kuyambira pamenepo mwana ali yense ayenera kulembetsedwa akabadwa. M'chaka cha 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa kuti alandire zitupa za unzika, ndipo kumidzi umboni wa mafumu udathandiza anthu opanda mapepala. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idabvomereza kuti Mmalawi angathe kukhala nzika ya maiko awiri. Motero mwana wa mchona sakakamizidwanso ndi lamulo la Malawi kuti akane dziko limodzi pofuna kusunga linzache.

Komabe pa khomo limeneli amafunsanso mafunso akale omwe aja: atate anu kapena mai anu ndani, mudzi wao ndi uti, mfumu yaikulu ndani, boma ndi liti? Munthu wodziwa kuyankha kuti Songani, kwa Malemia, ku Zomba, ali ndi poyambira, pakuti nyakwawa ndi eni mbumba amasunga maina a anthu ao, ndipo mabuku a mipingo amasunga maina a obatizidwa. Wosadziwa dzina la mudzi alibe ndi komwe angakafunse.

Anyamata a m'mbali mwa Chilwa akupitabe kunja lero, makamaka ku South Africa, ndipo ena akubala ana kumeneko. Mbiri ya machona a ku Halale iwasonyeza zinthu zitatu zimene kholo la paulendo liyenera kuchita: kulembetsa mwana pamene wabadwa, kusunga chitupa chache ndi mapepala ena pamalo abwino, ndi kuphunzitsa mwanayo dzina la mudzi, la mfumu ndi la atsibweni ache. Machona ambiri sadachite zimenezi, osati mwa kuipa mtima, koma chifukwa m'masiku ao panalibe wofunsa. Wofunsa adadza patapita zaka zambiri, iwo atagona kale m'manda a pa famu, ndipo oyankha adali ana ao.