KATUNDU WA PA MSIKA WA NGAMILA KU PUSHKAR

Pushkar ndi katauni ka m'chigawo cha Rajasthan ku India, m'mphepete mwa chipululu cha Thar, ndipo phiri la Nag Pahar ndilo limakasiyanitsa ndi mzinda wa Ajmer. Pakati pake pali nyanja imene Ahindu amati njopatulika, yokhala ndi madooko 52, ndipo pafupi pomwepo pali kachisi wa mulungu wao Brahma. Chaka ndi chaka, m'mwezi umene iwo amautcha Kartik, cha mu Okutobala kapena Novembala, anthu amakhamukirako kukasamba pamene mwezi ukuyandikira kukhala wathunthu. Mafumu nawonso ankapadziŵa pamaloŵa: Jahangir, mfumu ya Amughal, ankabwerako pamene ankakhala ku Ajmer kuyambira 1613 mpaka 1616.

Tsono pamene pasonkhana anthu sipalephera malonda. Kusamba kusanayambe, oŵeta ankayamba afika ndi ngamila, akavalo ndi ng'ombe, namanga misasa pamchenga kunja kwa tauni. Odziŵika koposa anali Araika, amene ntchito yao kuyambira kale ndi kuŵeta ngamila, ndipo mwambo wao sunkalola kugulitsa ngamila yaikazi. Mfundo yanga, anzanga, ndi yakuti zambiri zimene mlendo amagula lero mu Sadar Bazaar, mseu waukulu wa malonda, poyamba zinkapangidwira anthu ameneŵa.

Taganizani za gorbandh. Ndi chokometsera cha m'khosi mwa ngamila, cholukidwa ndi ulusi, mikanda, tizigoba ta m'nyanja ndi timagalasi. Amai ankachiluka kunyumba kuti ngamila ya bambo ikaoneke bwino pagulu, ndipo wogula ngamila yatsopano ankaigulira pomwepo zingwe, mabelu ndi chishalo. Zibangili ndi mikanda ya siliva zinali nkhokwe ya banja: mlimi akagulitsa chiŵeto ankasandutsa ndalama kukhala siliva wovala mkazi wake, kuti chilala chikadza akamusinthenso ndi chakudya. Nsalu za bandhani, zimene amazimanga timfundo tambirimbiri asanazinyike mu utoto, zinali nduwira za amuna ndi mipango ya akazi, ndipo mtundu wa nsaluyo unkanena kumene munthu achokera, ngakhalenso ngati ali pa ukwati kapena pa maliro.

Zidole za kathputli nzosiyana pang'ono. Mutu ngwa mtengo, miyendo zilibe, siketi yaitali ndiyo imabisa zonse. Eni ake ndi Abhat, amene ankayenda m'midzi kuseŵeretsa zidolezi pofotokoza mbiri ya Amar Singh Rathore wa ku Nagaur, amene adaphedwa ku Agra mu 1644 kubwalo la mfumu Shah Jahan. Zidolezo zinali zipangizo za ntchito, monga ng'oma kwa woimba. Ine ndinaziona zitapachikidwa ziŵiriziŵiri pakhomo pa sitolo, mwamuna ndi mkazi, ndipo palibe mwa ogula amene anafunsa za Amar Singh.

Kodi chidasintha nchiyani? India atalandira ufulu mu 1947, boma lidakhazikitsa All India Handicrafts Board mu 1952, m'mene Kamaladevi Chattopadhyay adagwira ntchito yaikulu yopezera amisiri a m'midzi misika ya m'mizinda ndi ya kunja. Pambuyo pake azungu oyendayenda adayamba kufika ku Pushkar, ndipo boma la Rajasthan lidaona kuti ngamila zikukoka alendo. Pa nthaŵi yomweyo ngamila inali kutaya ntchito: mathirakitala ndi malole adailanda khasu ndi ngolo, ndipo mabusa adachepa. Mu 2014 Rajasthan idalengeza kuti ngamila ndi nyama ya chigawocho, ndipo mu 2015 idaika lamulo loletsa kuipha kapena kuitulutsa m'chigawomo popanda chilolezo. Cholinga chinali chabwino, koma ogula ochokera kutali adaleka kubwera ndipo mitengo idagwa. Kalembera wa ziŵeto adapeza ngamila pafupifupi 400,000 m'dziko lonse la India mu 2012. Pofika 2019 zinali pafupifupi 250,000.

Sindikunyoza wogulitsa ai. Mmisiri amatsata amene ali ndi ndalama, monga amachitira osema ziboliboli m'mphepete mwa miseu yathu. Koma wogula akasintha, katundu amasinthanso. Zibangili zambiri zopepuka zimene ndinagwira zinali za chitsulo chotchedwa German silver, chimene mulibe siliva ndi pang'ono pomwe, koma mkuwa wosakaniza ndi nickel ndi zinc. Mkazi wa mlimi sakadalola kusungiramo chuma chake. Bandhani yeniyeni imadziŵika ndi timakwinya totsala pamene panali mfundo, ndipo timadontho take sitifanana. Yodinda pa makina njosalala ngati pepala. Zimene ndinagula mosakayika ndi madzi a maluŵa a rozi ndi gulkand, maluŵa omwewo osakaniza ndi shuga, popeza minda yake ili pomwepo kuzungulira tauni.

Gorbandh ndinaipeza m'masitolo angapo, yoŵala bwino, timagalasi tonse tili m'malo mwake. Ambiri amaigula kuti akaipachike pachitseko. Ndinaiyeza ndi manja: aifupikitsa kuti izikwana m'chikwama cha pa ndege, ndipo m'khosi mwa ngamila singazungulire.