Nyengo ya baseball ya 1947 ku America: chaka chomwe Jackie Robinson adalowa mu ligi ya azungu

Nyengo ya 1947 ya ligi zikuluzikulu za baseball m'dziko la United States idatsegulidwa pa 15 Epulo ndipo idatsekedwa pa 6 Okutobala, tsiku lomwe timu ya New York Yankees idagonjetsa Brooklyn Dodgers ndi kutenga ukatswiri wa World Series. Nyengoyi imakumbukika kwambiri chifukwa cha Jackie Robinson wa timu ya Dodgers, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligizi chichokereni zaka za m'ma 1880. Pofika kumapeto kwa Ogasiti, osewera ena akuda anayi adali atamutsatira.

Ligi ndi kaseweredwe

M'chakacho kudali matimu 16: asanu ndi atatu mu National League ndi ena asanu ndi atatu mu American League. Onse adali m'mizinda ya kumpoto chakum'mawa ndi ya pakati pa dzikolo, ndipo mzinda wa St. Louis ndiwo udali malire a kumadzulo. Timu iliyonse inkasewera masewero 154. Yomwe yatsogola mu ligi yake inkapita ku World Series, mpikisano womwe wopambana ndi amene wayamba kupeza chipambano kanayi.

Pa baseball, woponya amaponya mpira wolimba, waukulu ngati lalanje, kwa womenya wa timu inayo amene amakhala ndi ndodo yathabwa. Womenya akaumenya amathamanga kudutsa pa malo atatu otchedwa mabesi, ndipo akabwerera pomwe adayambira timu yake imapeza pointi imodzi. Kumenya mpira n'kufika pa besi osatulutsidwa kumatchedwa hit, pomwe kuumenya mwakuti womenya azungulire mabesi onse ulendo umodzi, kawirikawiri mpira utadumpha mpanda, kumatchedwa home run. Osewera atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana mbali, ndipo masewero amakhala ndi zigawo 9. Luso la womenya limayezedwa ndi avereji: wa .300 amapeza hit katatu pa maulendo khumi alionse, ndipo ameneyo amatengedwa kukhala katswiri.

Tsankho lopanda lamulo lolembedwa

Moses Fleetwood Walker, munthu wakuda, adasewerera timu ya Toledo mu 1884. Pambuyo pake eni matimu adagwirizana mwa pakamwa kuti asamalembe akuda, ndipo mgwirizanowo udagwira ntchito zaka zoposa 60 ngakhale sudalembedwe m'malamulo. Akuda adakhazikitsa ligi zawozawo, zotchedwa Negro Leagues, momwe mudatchuka akatswiri monga Satchel Paige ndi Josh Gibson.

Zinthu zidayamba kusintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha. Asilikali akuda adali atamenyera dziko lawo nkhondo, ndipo atolankhani a nyuzipepala za akuda, monga Wendell Smith wa Pittsburgh Courier, ankafunsa mosalekeza chifukwa chomwe munthu wololedwa kufera dziko ankaletsedwera kusewera mpira. Kenesaw Mountain Landis, amene adayang'anira ligizi kwa zaka 24 tsankho lili chilili, adamwalira mu Novembala 1944, ndipo Happy Chandler adalowa m'malo mwake.

Branch Rickey, mkulu wa Dodgers, adakumana ndi Robinson pa 28 Ogasiti 1945. Robinson adabadwira ku Cairo m'chigawo cha Georgia pa 31 Januwale 1919, adakulira ku Pasadena ku California, ndipo pa yunivesite ya UCLA adadziwika pa masewero a mitundu inayi. Mu 1944, ali msilikali ku Camp Hood ku Texas, adazengedwa mlandu m'khoti la asilikali atakana kukakhala kumbuyo kwa basi; khotilo lidampeza wosalakwa. Rickey adamuuza kuti akufuna munthu wolimba mtima mokwanira kuti asabwezere akanyozedwa, popeza ndewu imodzi yokha ikadapatsa adani a ganizoli chifukwa chotsekeranso khomo. Robinson adavomera. Mu 1946 adasewerera Montreal Royals ku Canada, timu yaing'ono ya Dodgers, ndipo adatsogola ligi yake ndi avereji ya .349.

Kukonzekera ndi tsiku loyamba

Dodgers idakachitira zokonzekera za 1947 ku Havana m'dziko la Cuba, kutali ndi malamulo a tsankho a zigawo zakumwera kwa America. Gululi lili ku Panama, osewera ena, makamaka ochokera kumwera monga Dixie Walker, adayamba kusonkhanitsa maina okana kusewera ndi Robinson. Mphunzitsi Leo Durocher adawaitanitsa n'kuwauza kuti amene sakufuna agulitsidwa ku matimu ena. Woponya Kirby Higbe adagulitsidwadi ku Pittsburgh Pirates mu Meyi, ndipo Walker adatsatira nyengo itatha.

Durocher mwiniwake sadatsogolere timuyo chaka chimenecho. Pa 9 Epulo, Chandler adamuimitsa kwa nyengo yonse chifukwa cha khalidwe lomwe adati likuipitsa mbiri ya masewerowa, kuphatikizapo kucheza ndi anthu a juga. Clyde Sukeforth adagwirizira udindowo pa masewero awiri oyamba, kenako Burt Shotton adautenga.

Pa 15 Epulo, anthu 26,623 adalowa m'bwalo la Ebbets Field ku Brooklyn kudzaonera Dodgers ikukumana ndi Boston Braves. Robinson, atavala nambala 42, adaima pa besi yoyamba, malo achilendo kwa iye, chifukwa malo omwe adazolowera adali kale ndi Eddie Stanky ndi Pee Wee Reese. Sadapeze hit tsikulo, koma adazungulira mabesi kamodzi m'chigawo chachisanu ndi chiwiri, ndipo Dodgers idapambana 5-3. Home run yake yoyamba adaimenya pa 18 Epulo pa bwalo la Polo Grounds. Malipiro ake a chaka adali madola 5,000, otsikitsitsa mu ligi.

Chipongwe m'bwalo ndi kunja

Kumapeto kwa Epulo, Philadelphia Phillies idabwera ku Brooklyn, ndipo mphunzitsi wake, Ben Chapman, adatsogolera osewera ake kutukwana Robinson ndi mawu a tsankho masiku atatu otsatizana. Chipongwecho chidanyanya kotero kuti Stanky ndi anzake ena adayamba kumuikira kumbuyo, ndipo nyuzipepala zidadzudzula Chapman. Matimuwa atakumananso ku Philadelphia mu Meyi, awiriwa adajambulidwa chithunzi atagwira ndodo imodzi pofuna kuziziritsa nkhaniyo. Mu mzinda womwewo, hotela ya Benjamin Franklin idakana kulandira Robinson.

Mwezi womwewo, nyuzipepala ya New York Herald Tribune idalemba kuti osewera ena a St. Louis Cardinals akukonza zonyanyala, ndi kuti mkulu wa National League, Ford Frick, wachenjeza kuti onyanyala adzaimitsidwa. Osewerawo adatsutsa nkhaniyi, ndipo kunyanyalako sikudachitike. Robinson ankalandiranso makalata omuopseza. Oponya adamugenda ndi mpira ka 9 m'nyengoyo, ndipo pa 20 Ogasiti Enos Slaughter wa Cardinals adamuponda mwendo ndi nsapato ya zitsulo kunsi. Pa zonsezi Robinson adasunga lonjezo lake kwa Rickey. Mmodzi mwa omwe adamulimbikitsa poyera adali Hank Greenberg wa Pirates, Myuda amene naye adanyozedwa zaka zambiri chifukwa cha mtundu wake.

Robinson adamaliza nyengo ndi avereji ya .297, ma home run 12 ndi mapointi 125 pa masewero 151. Adatsogola National League pa kuba mabesi, kutanthauza kuthamangira ku besi yotsatira woponya ali mkati moponya, zomwe adachita ka 29. Adalandira mphotho ya wosewera watsopano wopambana onse, yomwe idaperekedwa koyamba chaka chimenecho ndipo kuyambira 1987 imatchedwa ndi dzina lake.

Anayi omwe adatsatira

Larry Doby adakhala wakuda woyamba mu American League pa 5 Julayi, mwini Cleveland Indians, Bill Veeck, atamugula ku Newark Eagles. Mosiyana ndi Robinson, iye sadapatsidwe chaka chokonzekera mu ligi yaing'ono, ndipo adamenya maulendo 32 okha n'kupeza ma hit asanu. St. Louis Browns idatenga Hank Thompson ndi Willard Brown ku Kansas City Monarchs mu Julayi. Brown adamenya home run yoyamba ya munthu wakuda mu American League pa 13 Ogasiti, koma onse awiri adachotsedwa mwezi womwewo usadathe. Pa 26 Ogasiti, Dan Bankhead wa Dodgers adakhala woponya wakuda woyamba mu ligi ziwirizi, ndipo ulendo wake woyamba kugwira ndodo adamenya home run.

Mpikisano wa ligi

Mu American League, Yankees ya mphunzitsi Bucky Harris idapambana masewero 19 otsatizana kuyambira 29 Juni mpaka 17 Julayi. Idamaliza itapambana 97 ndi kugonja 57, masewero 12 patsogolo pa Detroit Tigers. Ted Williams wa Boston Red Sox adatsogola ligi pa avereji ndi .343, pa ma home run ndi 32, komanso pa mapointi olowetsa anzake ndi 114. Ngakhale zidali choncho, atolankhani adapereka mphotho ya wosewera wofunika koposa kwa Joe DiMaggio wa Yankees, amene adapeza 202 pa masankhowo pomwe Williams adapeza 201.

Mu National League, Dodgers idapambana 94 ndi kugonja 60, masewero asanu patsogolo pa Cardinals. Ralph Kiner wa Pirates ndi Johnny Mize wa New York Giants adafanana ndi ma home run 51 aliyense. Giants yonse idamenya 221, chiwerengero chomwe padalibe timu idachifikapo, komabe idathera pa nambala 4. Harry Walker, mng'ono wake wa Dixie, adatsogola pa avereji ndi .363, ndipo Bob Elliott wa Braves adasankhidwa wosewera wofunika koposa. Ewell Blackwell wa Cincinnati Reds adapambana masewero 16 otsatizana. Pa 18 Juni adaponya masewero onse osalola hit ngakhale imodzi, ndipo patatha masiku anayi adatsala pang'ono kubwereza, koma Stanky adamusokoneza m'chigawo chomaliza.

Anthu pafupifupi 20 miliyoni adalowa m'mabwalo chaka chimenecho, kuposa nyengo zonse zam'mbuyo. Dodgers yokha idalandira oposa 1.8 miliyoni ku Ebbets Field, ndipo pa 18 Meyi oposa 46,000 adadzaza Wrigley Field ku Chicago kudzaona Robinson. Pa 27 Epulo, ligi zonse zidachita mwambo wolemekeza Babe Ruth, amene pa nthawiyo adali atadwala khansa. Iye adamwalira mu Ogasiti 1948.

World Series

Mpikisanowu udayamba pa 30 Sepitembala ndipo udali woyamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema, m'mizinda yochepa monga New York, Philadelphia ndi Washington, komwe ambiri adaonera m'malo omwera mowa. Yankees idapambana masewero awiri oyamba 5-3 ndi 10-3, kenako Dodgers idatenga achitatu 9-8.

Pa 3 Okutobala, Bill Bevens wa Yankees adafika m'chigawo cha 9 asadalole hit, timu yake ikutsogola 2-1, ngakhale ankaponya mophonya kotero kuti omenya 10 adapita pa besi kwaulere. Kutatsala munthu mmodzi kuti masewero athe, osewera awiri a Dodgers ali pa mabesi, Cookie Lavagetto adamenya mpira womwe udakagunda khoma, awiriwo n'kulowa. Dodgers idapambana 3-2 ndi hit imodzi yokhayo. Yankees idabwezera mawa lake 2-1.

Pa masewero achisanu ndi chimodzi, anthu 74,065 akuonera ku Yankee Stadium, Dodgers ikutsogola 8-5, DiMaggio adamenya mpira wautali anzake awiri ali pa mabesi. Al Gionfriddo, amene adabwera ku Brooklyn posinthana ndi Higbe uja, adauthamangira n'kuuwakha pafupi ndi mpanda, mamita pafupifupi 126 kuchokera pomenyera. Dodgers idapambana 8-6. Pa masewero otsiriza idatsogola 2-0, koma Joe Page adaponya zigawo zisanu zomaliza n'kulola hit imodzi yokha, ndipo Yankees idapambana 5-2, ukatswiri wake wa nambala 11. Bevens, Lavagetto ndi Gionfriddo onse atatu sadaseweretsedwenso mu ligi zikuluzikulu pambuyo pa mpikisanowu.

Zomwe zidatsatira

Ligi za akuda zidalipira mtengo waukulu. Mu 1947 New York Cubans idagonjetsa Cleveland Buckeyes pa ukatswiri wawo, koma ochemerera ambiri adali atayamba kutsatira Dodgers. Rickey sadalipire Monarchs kalikonse potenga Robinson, pomwe Veeck adalipira Effa Manley wa Eagles potenga Doby. Negro National League idatha nyengo ya 1948 itangomalizika.

Matimu ena adatsegula makomo mozengereza, ndipo yomaliza idali Red Sox mu 1959. Kulowa kwa Robinson kudachitika chaka chimodzi Pulezidenti Harry Truman asadalamule kuti tsankho lithe m'gulu la asilikali, komanso zaka zisanu ndi ziwiri khoti lalikulu lisadathetse kusankhana mitundu m'sukulu za boma mu 1954. Doby adatenga World Series ndi Cleveland mu 1948, ndipo Robinson adaitenga ndi Dodgers mu 1955. Robinson adamwalira pa 24 Okutobala 1972 ali ndi zaka 53. Pa 15 Epulo 1997 matimu onse adaleka kupereka nambala 42 kwa osewera atsopano, ndipo kuyambira 2009 osewera onse amavala nambalayi pa tsiku limeneli chaka chilichonse.